Kalata kwa mnzanga amene akufuna kukwera Sapitwa

Achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mukubwera kumudzi mu Julaye ndi mtima wokakwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje. Kuno tonse tili bwino. Koma mawu amodzi m'kalatamo andisowetsa tulo: mwati popeza mumathamanga makilomita 10 Loweruka lililonse ku Johannesburg, mudzanyamuka pa Likhubula m'bandakucha, kufika pansonga n'kutsika tsiku lomwelo. Chonde maganizo amenewo asiyeni. Mphamvu muli nazo, sindikukana, koma chimene chimavulaza anthu pa Sapitwa ndi thanthwe lonyowa, nkhungu ndi kuchedwa kubwerera.

Patulani masiku atatu. Loyamba muchoke pa Likhubula mukagone m'nyumba ya alendo ya pa Chisepo, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200. Lachiwiri mukwere nsonga, mamita 3,002, mubwerenso kudzagona pa Chisepo. Lachitatu mutsike. Mamita 800 otsalawo amaoneka ochepa pa mapu, koma amadya maola atatu kapena anayi pokwera, ndipo potsika musayembekeze kuti mufulumira.

Mukalembetsa ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, tengani gaidi wa pomwepo, munthu wodziwa njira wokuperekezani, ndipo musasiyane naye mpaka mutabwerera. Kumtundako njira yopondeka kulibe. Mumatsata timadontho ta penti wofiira pamiyala, ndipo nkhungu ikagwa kadontho kotsatira simukaona ngakhale kali pafupi. Mu Julaye 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo anamupeza atamwalira ndi kuzizidwa patapita masabata oposa awiri. Mwezi wake ndi womwe mukubwerawu.

Mukangochoka pa Chisepo mukumana ndi matanthwe aakulu otsetsereka, opanda pogwira. Apa thupi limakunamizani. Mantha amakuuzani kuti mugonere thanthwe, mulikumbatire, koma mukatero kulemera kwanu kumakankhira mapazi kunja ndipo nsapato imaterereka. Imani chilili, chiuno chikhale pamwamba pa mapazi, pondani ndi phazi lonse kuti labala yambiri ikhudze mwala, chidendene chisakwere m'mwamba. Yendani ndi timasitepe tating'ono, zikhatho zingogunda thanthwe kuti musapendekeke. Maondo musakwerere: bondo siligwira mwala, ndipo mukagwada pamalo otsetsereka kudzuka kwake kumavuta. Yang'anitsitsani mtundu wa mwala. Pamene pali mbuu ndi pokhakhala, nsapato imaluma bwino. Mizere yakuda yotsika ndi thanthwe ndi modutsa madzi, muli ndere, ndipo m'mawa wa Julaye mutha kukhala madzi oundana opyapyala osaoneka ndi maso. Idumpheni ndi sitepe imodzi kapena izungulireni. Mukadutsa pamatope, pukutani pansi pa nsapato pa udzu musanapondenso thanthwe, chifukwa timchenga tokakamira kunsiko timagudubuzika ngati mikanda.

Kumtunda kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina kukula ngati nyumba. Apa ndi pokwera ndi manja ndi miyendo. Mwa manja awiri ndi mapazi awiri, sunthani chimodzi chokha pamene zitatu zagwira. Ntchito yokweza thupi ndi ya miyendo, manja ndi ongokusungani pamwala, ndipo amene amadzikoka ndi manja amatopa msanga. Mwala uliwonse musanaudalire umenyeni ndi chikhatho: ukalira ngati ng'oma kapena ukagwedera, usiyeni. Zitsinde za udzu ndi tizitsamba tomera m'ming'alu mizu yake ndi yosazama, zimazuka ndi dothi lomwe. Samalaninso ndi mipata ya pakati pa miyala imene yaphimbika ndi zomera, chifukwa mwendo ukalowamo thupi likupitabe kutsogolo, ndi pomwe anthu amabinya kapena kuthyoka. Pali malo ena oti mukwawe kudutsa pansi pa miyala. Vulani chikwama, mupatsirane ndi gaidi, kenako mudutse. Musayende wina pansi penipeni pa mnzake, ndipo mukagumula mwala fuulani "Mwala!" nthawi yomweyo, ngakhale mukuganiza kuti kumunsi kulibe munthu.

Pofika pamalo pamene phompho lili pambali ndipo miyendo yayamba kunjenjemera, tsitsani chidendene, pumani mozama katatu, maso akhale pamwala umene mupondepo. Muuzeni gaidi, musachite manyazi. Iye amadziwa pamene phazi limakhala bwino.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muisunge koposa zonse. Nyamukani pa Chisepo kukangoyera, cha m'ma 6 koloko, ndipo mugwirizane ndi gaidi musananyamuke kuti 12 koloko ikakwana mukutembenuka, kaya nsonga mwafika kaya yatsala pang'ono. Mu Julaye dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo matanthwe aja ndi tochi satsikika bwino. Miyezi imeneyi ndi ya chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya ku Mozambique. Mutha kudzuka kumwamba kuli mbee, koma pofika masana nkhungu yakuta phiri lonse, mvula yowaza yanyowetsa mwala uliwonse. Mukaona mitambo ikukwera m'zigwa kuchokera mbali imeneyo, tembenukani osadikira 12 koloko. Mukadzuka chiperoni chagwa kale, khalani pa Chisepo muwothe moto. Phirilo lidzakhalapo mawa.

Nkhungu ikakupezani ndipo penti wasowa, imani. Mmodzi akhale pa kadontho komaliza, winayo afufuze pafupi pomwe mukumvana mawu. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumunsi, chifukwa mitsinje ya pa Mulanje imakathera pa mathithi ndi maphompho. Zikavuta, bisalani ku mphepo pansi pa mwala muimbe wenzulo kasanu ndi kamodzi, mupume mphindi imodzi, mubwerezenso. Foni musaidalire, netiweki imapezeka apa ndi apo ndipo kuzizira kumamaliza batire.

Potsika mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pamalo oimirira kwambiri tembenukirani ku mwala, mutsike chafutambuyo monga potsika makwerero, mukusuzumira pambali kuti muone popondapo. Mukatsika mutafulatira mwala, chikwama chimagunda thanthwe n'kukukankhirani kutsogolo. Pamatanthwe otsetsereka mutha kukhala pansi ndi kusendera pang'onopang'ono, mapazi ndi zikhatho zili pamwala, koma musalole kuti thupi liyambe kutsetsereka lokha, chifukwa likayamba palibe choliimitsa. Osadumpha kuchoka pamwala kupita pa unzake miyendo itatopa.

Katundu wolemera asiyeni pa Chisepo. M'kachikwama ikani madzi malita awiri, mtedza wokazinga, nthochi, buledi wopaka chiponde, tiyi wa shuga m'fulasiki, juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa chofunda, magolovesi, tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, wenzulo, bandeji ndi pulasitala. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimachotsa kutentha m'thupi, choncho valani zaubweya kapena zija zothamangira. Idyani pang'ono ola lililonse, musadikire njala. Mnzanu akayamba kunjenjemera kwambiri, kupunthwapunthwa, kulankhula ngati woledzera kapena kulephera kukoka zipi, wazizidwa moopsa. Mubiseni ku mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma, akhale pachikwama osati pamwala, amwe tiyi uja. Mowa ayi. Akasiya kunjenjemera koma mutu sukugwirabe, zinthu zafika poipa ndipo pafunika thandizo mwamsanga.

Nsapato gulani zapansi pa labala yofewa ndi mano akuya, ndipo muyambe kuzivala kumeneko sabata ino kuti matuza akutulukireni ku Johannesburg, osati pa Chisepo. Zikhadabo za kumapazi mudzawenge musananyamuke. Mundiuze tsiku lofika kuti tikonze ulendo wa ku Mulanje, ndipo muonjezere tsiku limodzi lodikirira nyengo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.