Kuimba foni pa wailesi si kafukufuku, lekani kutinamiza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za pulogalamu imene inaulutsidwa Lachitatu m'mawa pa wailesi ina ya muno mu Lusaka. Ambiri munaimva, popeza inkalira m'maminibasi ochokera ku Mtendere kupita m'tauni. Muulutsi anatsegula mafoni n'kufunsa ngati mwamuna ali ndi ufulu womenya mkazi wake akalakwa. Anaimba amene anaimba, ambiri amuna, ena akuseka, wina anaimba kawiri ndipo mawu ake tonse m'basi tinawazindikira. Nthawi itatha, mnyamata uja anakweza mawu n'kulengeza kuti "kafukufuku wathu waonetsa kuti anthu a m'Zambia sanasinthe, mkazi amafunika kulangidwa." Atatero anaika nyimbo.

Kafukufuku wake uti? Anasankha ndani anthu amene anaimbawo? Amayi amene nthawi imeneyo anali atakhala kale pa katundu wawo ku msika wa Soweto, opanda ndalama ya foni, anawafunsa liti? Nanga mtsikana wa ku Katete amene wailesiyo sifika n'komwe kumudzi kwawo? Ndipo mkazi amene amamenyedwadi, bambo muulutsi, mukuganiza kuti angaimbe foni pa wailesi mwamuna wake ali pomwepo akumwa tiyi? Munthu wopatsidwa maikolofoni ndi malipiro a pamwezi akulephera kusiyanitsa gulu la anthu amene ali ndi nthawi yocheza pa foni ndi dziko la anthu 19.6 miliyoni amene anawerengedwa mu 2022. Zimenezi n'zochititsa manyazi.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti funso lomwelo lakhala likufunsidwa bwinobwino m'dziko muno kwa zaka zoposa 20, ndipo mayankho ake alipo. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa Zambia Demographic and Health Survey anayamba mu 1992, ndipo amabwerezedwa pakapita zaka zingapo. Amafunsa ngati mwamuna ali ndi chifukwa chomenyera mkazi wake akapsereza chakudya, akakangana naye, akachoka pakhomo osatsazika, akanyalanyaza ana, kapena akakana za m'chipinda. Mu 2001 ndi 2002, amayi 85 pa 100 alionse anavomereza chifukwa chimodzi kapena zingapo mwa zimenezi. Mu 2007 anali 62. Pofika 2013 ndi 2014 anatsika kufika pa 47. Ndiye munthu aime pa wailesi n'kunena kuti sitinasinthe! Tinasintha, ndipo tinasintha pa nthawi yochepa, mwana wobadwa mu 2001 asanamalize n'komwe sukulu ya sekondale.

Koma mu 2018 chiwerengero chija chinali 46. Chinangoima. Apa ndi pamene muulutsi wodziwa ntchito akanakhazika pulogalamu yake yonse. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi tili nalo kuyambira 2011, nanga bwanji mu 2018 pafupifupi theka la amayi linkavomerezabe? Chodabwitsa china n'chakuti pa kafukufuku yemweyo amuna ovomereza anali ochepa kuposa akazi, 26 pa 100 alionse. Kodi amunawo anayankha zoona, kapena anachita manyazi pamaso pa wofunsa? Kodi ndi ife amayi amene timaphunzitsana kupirira zosapiririka, kwa alangizi ndi kwa ankhoswe, mwana akamalowa m'banja? Ine ndine mayi, ndalangapo atsikana, ndipo funso limeneli limandisowetsa tulo. Limeneli ndilo linayenera kumveka m'minibasi muja, osati kuseka kwa amuna.

Mwina ena sadziwa mmene ntchito yeniyeni imachitikira. Mu 2018 a kafukufuku wa zaumoyo uja anabwera pakhomo pa mng'ono wanga. Sanadzisankhe yekha, nyumba yake inagwera pa mndandanda mwa maere. Wofunsa anali mkazi mnzake, atanyamula tabuleti ndi chiphaso pakhosi. Anapempha kuti akhale awiriwiri kuseri kwa nyumba, ndipo mwana atabwera kudzapempha madzi, analeka kufunsa mpaka mwanayo atachoka. Anamuuza kuti dzina lake silidzatuluka ndiponso kuti funso limene sakulifuna angathe kulikana. Amayi oposa 13,000 a zaka 15 mpaka 49 anafunsidwa chotero m'zigawo zonse 10 za dziko lino, m'tauni ndi kumudzi komwe. Ndipo mafunso amayesetsa kuwasunga mmene analili kale. Zili ngati ku sikelo ya ana: mwana amakwezedwa pa sikelo yomweyo mwezi ndi mwezi, n'kulemba pa khadi lomwelo, ndipo m'pamene mumaona ngati akukula kapena akuonda. Mukasintha funso chaka chilichonse, kapena mukafunsa okhawo amene aimba foni, palibe chimene mwayeza.

Matendawa sali pa wailesi imodzi yokha. Pa Facebook aliyense masiku ano ali ndi "kafukufuku" wake. Wina alemba funso usiku, anzake a chipani chimodzi adina, m'mawa wayamba kulengeza amene adzapambane masankho. Andale nawonso ndi chimodzimodzi. Zotsatira zikawakomera amaziwerenga pa msonkhano, zikawawawa akuti zagulidwa ndi azungu. Bungwe la Afrobarometer lakhala likufunsa anthu a m'Zambia kuyambira 1999 za demokalase, za ziphuphu, za chuma ndi za mmene amakhulupirira apolisi ndi makhoti. Amafunsa anthu pafupifupi 1,200 osankhidwa mwa maere, ndipo amanena poyera kuti zotsatira zingaphonye ndi 3 pa 100, kukwera kapena kutsika. Kumapeto kwa 2020 anapeza kuti anthu ambiri ankaona kuti dziko likulowera kolakwika. Ena ananyoza. Pa masankho a pa 12 August 2021 tonse tinaona chimene chinachitika: chipani cholamula chinagonja. Amene ali m'boma lero asaiwale zimenezi tsiku limene manambala adzawatembenukira, chifukwa mafunso ake ndi omwewo ndipo sasankha chipani.

Ochita kafukufuku nawonso ndili nawo mawu. Mumabwera m'makomboni, timakupatsani mpando, amayi amasiya nsima pamoto kuti akuyankheni ola lathunthu, koma zotsatira mumakazitulutsira m'mahotela, m'mabuku a Chingelezi onenepa amene wa ku Chawama kapena ku Kanyama sadzawagwira. Ndiye mukudabwa kuti anthu akukhulupirira muulutsi? Iye amalankhula Chinyanja, inu ayi. N'chifukwa chake ena amakuthamangitsani pakhomo ndi kukunenerani za usatana, popeza sanaonepo chimene mayankho awo anabala.

Ndikupempha a Independent Broadcasting Authority, amene amapereka ziphaso kwa mawailesi, kuti alamule kuti pulogalamu ya mafoni izinena poyera kuti awa ndi maganizo a oimba foni okha, ndipo mawu akuti kafukufuku asamaseweretsedwe. A Zambia Statistics Agency ndi aphunzitsi a pa University of Zambia azipita pa ZNBC Radio 1 kukafotokoza zotsatira m'zinenero zathu nthawi iliyonse zikatuluka. Ndipo wailesi ija ipepese, pa nthawi yomweyo ya m'mawa, iwerengenso manambala enieni kuti amuna amene anamva bodza lija amvenso zoona.

Ine wanu,
Mayi wokhumudwa,
Mtendere, Lusaka