Nyali yotchaja imafera ku batire

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi anzathu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akugula nyali zotchaja za LED kuti magetsi akathima asakhale mumdima. Nyali zambiri zimene anthu amataya ati zapsa zimakhala zili bwinobwino. Timababu ta LED timakhala zaka. Chimene chimafa msanga ndi batire, ndipo kawirikawiri timalipha tokha.

Nyali zikuluzikulu zolemera zija, zambiri mumakhala batire la asidi la 4V kapena 6V. Batire limeneli limadana ndi kugonera lopanda moto. Mukayatsa nyali mpaka kuzima yokha n'kuiponya pakona kwa milungu ingapo, timapuleti ta m'kati timamera zoyera zolimba ngati mchere, ndipo batire sililandiranso moto. Kababu ka tchaja kaonetsa kuti ladzaza, koma mukayatsa, mphindi khumi zokha mdima wabwerera. Choncho itchajeni magetsi akangoyaka, musadikire kuti ithereretu, ndipo ngakhale simukuigwiritsa ntchito muziipatsa moto kamodzi pamwezi.

Nyali zopepuka mumakhala batire la lithium, makamaka lija lotchedwa 18650, lalikulu pang'ono kuposa la AA, la 3.7V. Apa ndiye pamene ogula akupusitsidwa kwambiri. Batire lenileni la mtunduwu limasunga pakati pa 2000 ndi 3500 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga), ndipo limalemera magalamu pafupifupi 45. Mukaona lolembedwa 9900 mAh, chonsecho m'manja likupepuka ngati chitsononkho, lisiyeni, limenelo ndi bodza. Masamu ake ndi awa: batire la 2000 mAh limasunga mphamvu yoyatsa babu la watt imodzi kwa maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Nyali yomweyo mukaiika pa kuwala kwambiri, kumene kumadya mawatt atatu, ikutumikirani maola awiri okha. Pocheza ndi podya nsima kuwala kochepa n'kokwanira. Kwambiriko kusungireni mwana amene akuwerenga za mayeso.

Kabowo kotchajira foni ka panyali zina kamakopa anthu, koma mafoni ambiri a masiku ano ali ndi mabatire a 4000 kapena 5000 mAh. Foni imodzi imwa moto wonse wa nyali ya batire limodzi, osadzaza n'komwe, banja lonse n'kugona mumdima.

Lithium imadana ndi kutentha. Nyali zija zokhala ndi kapanelo ka sola pamutu anthu amaziyanika padenga la malata tsiku lonse, batire n'kumawaukira m'katimo. Kapanelo kameneko n'kakang'ono kwambiri moti kudzaza batire kungatenge masiku angapo, nanji mu June ndi July pamene mitambo ndi nkhungu zimaphimba phiri la Dedza, Bembeke ndi Tsangano. Yabwino ndi yokhala ndi panelo yapayokha ya mawatt atatu kapena asanu, ya chingwe chachitali: panelo padzuwa, nyali m'nyumba pamthunzi. Fumbi la papanelo muzilipukuta ndi kansalu konyowa. Ndipo usiku wozizira musaike nyali pafupi ndi mbaula.

Magetsi akathima, zulani tchaja pakhoma. Pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira, ndipo kabolodi ka m'nyali zotchipa sikapirira. Dikirani mphindi zingapo kenako lumikizani. Chitani chimodzimodzi kukamachita ziphaliwali.

Tisaiwale kuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi ngati imeneyo nyali ziwiri zazing'ono zimaposa imodzi yaikulu, chifukwa wina akaperekeza wodwala ku chipatala usiku, otsala pakhomo amakhalabe ndi kuwala. Imodzi ikhale yodzaza, yokulungidwa mu jumbo, pamalo amene ngakhale mwana angaipeze mopapasa. Izi zithandizanso kuti kandulo ndi koloboyi zisamayake pafupi ndi neti ya udzudzu.

Pogula, kaya ndi pa Lizulu, pa Chimbiya kapena paboma, yatsitsani nyaliyo pamaso panu, sunthani chingwe muone ngati kababu ka tchaja sikakuphethira, ndipo itembenuzeni. Ngati ili ndi masikuluwu, mmisiri angathe kuitsegula n'kusintha batire lokha pamtengo wochepa. Yomata ndi guluu ikafa yafa. Funsani lisiti ndi chitsimikizo choti mukhoza kubweza. Batire lotupa kapena lodontha musalitchajenso, ndipo musaliponye padzala lotenthapo zinyalala chifukwa limaphulika.

Pempho lathu kwa a Malawi Bureau of Standards n'lakuti aziyeza nyali ndi mabatire olowa m'dziko muno, kuti manambala olembedwa pakatoni azigwirizana ndi zimene zili m'kati. Kwa makhonsolo a Dedza ndi Ntcheu, tikupempha malo amodzi pamsika uliwonse waukulu osiyapo mabatire akufa, chifukwa a asidi aja muli mtovu, ndipo ana amawaphwanya n'kumaseweretsa.

Amisiri okonza zipangizo zamagetsi,
Dedza