Madigiri okha sakukwanira pa ulosi wa nyengo

A Mkonzi,

Mvula ikayamba, anthu ambiri muno mu Lilongwe amadandaula kuti a zanyengo akunama: wailesi yalengeza madigiri 30, koma thupi likumva ngati ng'anjo. Sikuti zida zawo n'zolakwika ayi.

Choyezera kutentha cha boma, monga cha ku Chitedze kapena ku bwalo la ndege la Kamuzu, chimakhala m'kabokosi koyera kolowa mphepo, pa kapinga, mamita 1.25 mpaka 2 kuchokera pansi. Chimayeza mpweya wa pamthunzi basi. Munthu wogulitsa malonda pa phula ku Area 2, kapena wogona m'nyumba ya malata yopanda siling'i, ali m'dziko lina. Choyezera cha m'galimoto ndiye musachikhulupirire n'komwe, chimatenga kutentha kwa msewu ndi injini.

Vuto lalikulu ndi chinyezi. Mu Okutobala mpweya umakhala wouma, thukuta limauma msanga n'kuziziritsa thupi. Mu Disembala limangoyenderera osauma. Madigiri 32 pa chinyezi cha 70 peresenti amamveka ngati pafupifupi 40.

Ndikupempha Nthambi yoona za nyengo kuti polengeza izitchulanso kuchuluka kwa chinyezi ndi kutentha komwe thupi lingamve, ndipo nyuzipepala yanu izisindikiza manambala onsewo.

Wowerenga,
Area 25, Lilongwe