Kalata ya ku Kasungu: Moto wa Mwala ndi Chitsulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku England. Ife kuno ku Kasungu tadzuka, takolola, ndipo mwera wayamba kale kuwomba. M'kalata yanu munanena kuti mwaona anthu akumeneko akuphunzira kuyatsa moto ndi mwala ndi chitsulo akapita kokagona kutchire, ndipo munafunsa ngati makolo athu ankatero, komanso ngati miyala ya kwathu kuno ingachite ntchito imeneyi.

Njira imene makolo athu ankadziwika nayo inali yopeka moto. Munthu ankaimika kamtengo kowongoka pakabowo ka mtengo wina wouma, n'kumakazunguza ndi zikhatho mpaka fumbi lakuda lotuluka pabowopo litayamba kufuka. Ngakhale nthano ya pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, imati munthu anapekesa mitengo iwiri, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Za mwala siitchula. Komanso pamudzi moto sunkazima wamba, chifukwa chikuni chinkagona chikunyeka, ndipo amene kwake kwazima ankangotuma mwana ndi phale kukapala kwa anansi. Sikuti chitsulo chinali chachilendo ayi, pakuti ng'anjo zakale zosungunuliramo chitsulo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu National Park.

Za miyala musade nkhawa. Mwala umene anzanuwo amautcha flint umapezeka kwambiri m'nthaka ya choko ya kumeneko, koma nsangalabwi yoyera ija imene timaikankhira m'mbali polima imakwanira, bola muiphwanye kuti ikhale ndi mbali yakuthwa. Ambiri amaganiza kuti moto uli m'mwalamo, pamene zoona zake n'zakuti umachokera kuchitsulo. Mwala ndi wolimba kuposa chitsulo, choncho ziwirizi zikakhulana mwamphamvu umapala tizidutswa ta chitsulo tating'ono kwambiri, ndipo tizidutswato, pokhala titatentha ndi kukhulanako, timayaka tikangokumana ndi mpweya. Zimenezo ndiye mbaliwali zimene maso amaona. N'chifukwa chake si chitsulo chilichonse chimene chimabala moto: msomali ndi wofewa, mpeni wosachita dzimbiri wa m'sitolo sutulutsa kanthu, koma tupa yakale imene mano ake anatha ndi yabwino koposa. Wosula makasu pamsika amatha kuidula, kuipinda kuti zala zinayi zizilowa, kenaka kuiwotcha mpaka ifiire n'kuiviika m'madzi kuti ilimbenso.

Komabe, kwa ine, luso lenileni lagona pa chimene chikalandire mbaliwaliyo, osati pa kumenyako. Mbaliwali ya chitsulo imafa m'kanthawi kochepa, ndipo ikagwera pa udzu, ngakhale wouma chotani, siiyatsa. Imafuna sanza ya thonje imene yapsa koma osasanduka phulusa. Mumatenga kachitini kopanda kanthu ka polishi wa nsapato, kuboola kabowo kamodzi pachivundikiro ndi msomali, kuikamo tizidutswa ta nsalu yakale ya thonje, kutseka, n'kukaika pamakala. Pakabowo paja pamatuluka utsi woyera wonunkha, nthawi zina ndi kalawi kakang'ono, ndipo utsiwo ukaleka mumaphula kachitiniko koma osakatsekula kufikira katazizira, chifukwa mpweya ukalowa kadakali kotentha nsalu yonse imanyeka. Mukatsekula mumapeza nsaluyo yada bii, ulusi wake ukuonekabe, ndipo imang'ambika mosavuta. Ya nayiloni musayese n'komwe, imangosungunuka.

Poyatsa, mwala umakhala kudzanja lamanzere, kansalu kakudako kali pamwamba pake pafupi ndi mbali yakuthwa, chala chachikulu chitakapanikiza. Chitsulo chimatsika ndi dzanja lamanja mopalasa, ngati mukufuna kusenda chinangwa, osati mogogoda. Mbaliwali imodzi yokha ikagwera pansalupo pamaoneka kadontho kofiira kamene kamakula pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene njirayi imaposa machesi, pakuti mphepo imene ikanazimitsa kamtengo ka machesi imangokolezera kadonthoko. Mukatero mumakafungatira m'kachisa ka udzu wofewa kapena makoko a chimanga onyenyanyenya, mumakanyamula m'mwamba pang'ono kuti utsi usalowe m'maso, n'kumauzira modekha mpaka utsi utachindikala ndipo lawi litabuka. Amene sanakonzeretu tinkhuni ting'onoting'ono ndi zitsononkho amaona lawilo likuthera m'manja.

Ndikuchenjezeni pa timitengo takuda timene amagulitsa m'masitolo a kumeneko tokhala ndi kachitsulo kopalira. Timeneto si mwala ayi, koma chitsulo chosakaniza chotchedwa ferrocerium, chimene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anapanga m'chaka cha 1903, ndipo n'chomwecho chimene chili m'kati mwa laita. Mbaliwali zake n'zotentha kwambiri moti zimayatsa udzu mwachindunji, choncho munthu akhoza kuzolowera zimenezo osadziwa konse kukonza nsalu ija. Njira ya mwala ndi chitsulo ndi yakale kwambiri kuposa pamenepo, ndipo inali ya tsiku ndi tsiku m'nyumba za ku Ulaya kufikira machesi, amene John Walker wa ku England komweko anatulukira m'chaka cha 1826, atafala.

Ana a mlongo wanga ndikuwaphunzitsa zimenezi pabwalo losesa bwino, kutali ndi zigafa za fodya ndi nkhokwe, ndipo ndawaletsa kuyenda ndi chitsulocho kothyola nkhuni. Mukudziwa mmene tchire la kuno limakhalira kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene osaka mbewa amasiya lupsa paliponse. Sindikufuna kuti luso limeneli liwonjezere pa vutolo.

Mukamabwera pa Khirisimasi mudzanditengereko kachidutswa ka flint, kokwana m'thumba la malaya, kuti tidzayerekeze ndi nsangalabwi ya kumunda kwathu pa tupa imodzimodzi. Nthawi imeneyo mvula idzakhala itayamba, choncho udzu ndi makoko ndiziika patsindwi mwezi uno. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine bwenzi lanu,
wa ku Kasungu