Chithunzi chija si cha ndege yomwe munkanenayo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani yanu ya Loweruka ija, ya ndege zankhondo zopanda woyendetsa zomwe zimanyamuka pomwe zaima ngati helikopita. Pamwamba pake munaika chithunzi cha Bayraktar TB3 ya ku Turkey. Koma abale! TB3 imayamba yathamanga kaye ngati nkhanga, kenako n'kudumphira pa chitunda chomwe anamanga kumphuno kwa sitima ya TCG Anadolu, sitima yotalika mamita oposa 230. Inachita zimenezi koyamba mu Novembala 2024, dziko lonse likuonerera. Ngati kumeneko ndi kunyamuka pomwe waima, ndiye minibasi ya ku Limbe nayonso ndi helikopita.

Mwina mukuti ndi kachinthu kakang'ono. Ayi ndithu, nkhani yonse yagona pamenepo. Ndege yofuna bwalo lothamangira imafunanso chisitima chachikulu, ndipo chisitima chonyamula ndege cha a America, USS Gerald R. Ford, chinadya madola pafupifupi 13 biliyoni. Yonyamuka pomwe yaima ikhoza kutera ngakhale pa sitima yaing'ono yopanda bwalolo. N'chifukwa chake kampani ya Shield AI inaonetsa X-BAT, ndege yopanda woyendetsa yonyamuka pomwe yaima, mu Okutobala 2025, isanauluke n'komwe. Inu munalemba ngati ikumenya kale nkhondo panyanja.

Ndiponso nzeruyi si yatsopano monga munanenera. Mu 1954 asilikali apamadzi a America anayesa Convair XFY Pogo, ndege yokhalira mchira. Inkanyamuka bwinobwino, vuto linali potera: woyendetsa ankatsika chambuyo, khosi atalipotola kuti aone pansi. Anaisiya. Droni ilibe khosi loti lipweteke, n'chifukwa maganizowa abwereranso. Komabe kukwera molunjika kumamwa mafuta kwambiri, ndiye mabomba onyamula amachepa. Zimenezi m'nkhani yanu munalibe, koma malo a chithunzi cholakwika anapezeka!

Matenda ake ndi omwewa: nkhani zakunja mumangotola pa intaneti n'kumata. Mwana wanga wa Fomu 4 anadula pepalalo kuti akaonetse anzake kusukulu, ndinachita kumulanda. Nyuzi yakwera mtengo, ife tikugula ndi ndalama ya ndiwo.

Ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, kuli sukulu ya madroni ya African Drone and Data Academy. Imbani foni kumeneko musanasindikize. Ndipo chithunzi chija mukonze Loweruka likubwerali, pa tsamba lomwelo, osati kumapeto pafupi ndi zotsatsa malonda.

Wowerenga wokhumudwa,
Zomba