Osaona nafenso tili pa intaneti, lekani kujambula zidziwitso ngati zithunzi

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wosaona, ndimakhala pa boma la Kasungu. Kalata ino ndalemba ndekha pa kompyuta. Ndanena dala zimenezi chifukwa ambiri akamva kuti wosaona ali pa intaneti amayesa nthabwala.

Zilembo za braille ndinaphunzira ku sukulu ya osaona ya Chilanga, koma masiku ano zambiri ndimawerenga ndi makutu. Mu kompyuta yanga muli pulogalamu yotchedwa NVDA, imene imalankhula chilichonse cholembedwa pa sikirini. Inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, yemwe ndi wosaona, ndipo pambuyo pake anagwirizana ndi mnzake James Teh, nayenso wosaona. Njaulere, n'chifukwa chake ambirife timadalira imeneyi, pakuti pulogalamu ina yotere yotchedwa JAWS ndi yogula ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Pafoni ya Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Mbewa ya kompyuta sindiigwira n'komwe. Ndikatsegula Firefox kapena Chrome, ndimadina H kuti ndilumphe kuchoka pa mutu wina kufika pa wina, K kuti ndipeze ulalo, Tab kuti ndiyende m'mabokosi a fomu. Tsamba likakhala lomangidwa bwino, ndimamaliza nkhani mnzanga wopenya asanapeze magalasi ake.

Chandilembetsa n'chimene chinandichitikira mwezi watha. Bungwe lina, limene sindilitchula, linalengeza mwayi wa maphunziro, ndipo anzanga ankakambirana m'chipinda cha aphunzitsi. Nditalowa pa tsamba lawo, NVDA inangonena mawu amodzi osonyeza kuti pali chithunzi, kenaka zii. Anthuwo anatayipa chidziwitsocho pa kompyuta, n'kuchisindikiza, n'kudinda chidindo, n'kuchijambula ndi foni, n'kuika chithunzicho pa intaneti. Mawu anali nawo kale m'manja, koma anachita kuvutikira kuwasandutsa chinthu chimene pulogalamu yanga singawerenge. Alipo mapulogalamu oyesa kuzindikira zilembo za pachithunzi, komatu pepala lojambulidwa chopendekera, chidindo chitaphimba tsiku lotsekera, amaliwerenga mwachibwibwi.

Mdzukulu wanga atandiwerengera, ndinapita pa fomu yofunsira. Kumeneko mabokosi analibe mayina, moti sindinkadziwa polemba dzina ndi polemba nambala ya chiphaso. Kumapeto kunali kaja ka zilembo zokhotakhota kotsimikizira kuti ndine munthu, kopanda njira yomvetsera. Ndinamuitananso mwanayo. Tsono taganizani, Akonzi, munthu wamkulu ngati ine kumuuza mwana wa Fomu 2 malipiro anga ndi zaka zanga kuti andilembere. Anzanga ena amafika popereka nambala yachinsinsi ya ku banki kwa wachibale, ndipo si wachibale aliyense amene ali ndi manja oyera.

Si kuti omanga masambawa ndi ankhanza. Sanaganizepo chabe kuti tilipo. Koma malangizo ake alipo kale, otchedwa WCAG, ochokera ku bungwe la W3C limene limaika miyezo ya masamba a pa intaneti, ndipo mtundu wake wa 2.0 unatuluka mu 2008. Zimene amafuna si zodula. Chithunzi chizikhala ndi mawu ochifotokoza, bokosi lililonse la fomu ndi batani lililonse zizikhala ndi dzina, ndipo mitu izilembedwa ngati mitu, osangokulitsa zilembo. Chidziwitso chiziikidwa monga mawu, ndipo ofuna kuonetsa chidindo aike chithunzicho pambali pake. Ngakhale pa Facebook pali malo olembamo zimene zili pachithunzi, koma ndi ochepa amene amawagwiritsa ntchito.

Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo mu 2012 tinakhazikitsa lamulo lathu loona za anthu olumala. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani linayambanso kugwira ntchito mu 2020. Nanga nkhani imene ili m'chithunzi, ine ndaipeza? Timayamika kuti nyumba zina za boma ndi mabanki anaika potsetsereka polowera njinga za olumala, koma ntchito zambiri tsopano zikusamukira pa intaneti, ndipo kumeneko khomo lathu n'lotseka.

Palinso vuto la chilankhulo. Mawu achingerezi a mu kompyuta akamawerenga Chichewa amachipotokola moti ungaseke mpaka misozi. Ine ndinasankha mawu a Chiswahili, amene amayandikirako. Achinyamata athu ophunzira za makompyuta ku MUBAS ndi ku Mzuzu University, ntchito ndi imeneyo.

Pempho langa kwa aliyense woyang'anira tsamba, kuphatikizapo la nyuzipepala yanu, ndi ili: ikani NVDA, zimitsani sikirini, mbewa muiike m'thumba, ndiye muyese kudzaza fomu yanu yomwe. Mukakanika, a Malawi Union of the Blind angakulozereni osaona odziwa kompyuta oti akuyesereni, ndipo muwalipire monga mulipirira katswiri wina aliyense.

Mphunzitsi wosaona,
Kasungu