Tikumanga nyumba ngati chivomerezi cha 1989 sichinachitike

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndikumbutse anzanga a kuno ku Salima za chivomerezi cha usiku wa pa 10 Malichi 1989.

Ndinali ndi zaka 11, kwathu kwa Khombedza. Dzulo lake nthaka inali itagwedezeka kale, akuluakulu n'kumati zadutsa. Cha pakati pa usiku tinamva mkokomo ngati lole ikudutsa kunsi kwa mphasa. Mbale zinagwa, mbuzi zikulira m'khola. Amayi anandikoka mkono n'kuthamangira panja, koma mchemwali wanga anatsalira m'kati. Gebulo wa zidina, nsonga ya khoma yofika kudenga ija, anamugwera pamwendo. Tinamufukula ndi khasu ndi manja mdima uli bii. Mpaka lero amatsimphina, ndipo popita ku mjigo amapumula kawiri panjira.

Anthu 9 anamwalira, pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona, makamaka kuno ndi ku Dedza. Linali dzinja. Ife tinagona pansi pa mtengo wa mango masiku ambiri, mvula ikutinyowetsa, udzudzu ukutiluma, chifukwa palibe analimba mtima kulowanso m'nyumba.

Lero ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo zomwe ndimaona pantchito zimandisowetsa tulo. Nyanja yathuyi ili m'chigwa chomwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, kuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique. N'chifukwa chake Karonga anagwedezeka mobwerezabwereza mu Disembala 2009, anthu 4 n'kutisiya. Kuno chivomerezi chidzabweranso.

Mwezi watha bambo wina wa ku Chipoka anandiuza kuti, "Amisiri, ringi bimu isiyeni, simenti yadula. Ingoikani malintala pamawindo." Sindikuwanyoza, mtengo wa simenti tonse tikuulira. Koma ringi bimu ndi lamba womanga makoma onse anayi pamodzi. Popanda iyo, nthaka ikagwedezeka makoma amatseguka m'makona, lililonse n'kugwa palokha. Ndinawauza kuti bola tichepetse chipinda chimodzi. Anakana, ntchito anapatsa wina, ndipo chipinda cha ana awo chili pansi pa gebulo wamtali womangidwa ndi matope.

Pamisonkhano ya kwa amfumu timaphunzitsidwa za madzi osefukira ndi namondwe, ndipo n'zabwino. Ndikupempha akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti awonjezerepo chivomerezi. Zina sizifuna ndalama zambiri: windo lisayandikire pakona, waya alowe pakati pa mizere ya njerwa, gebulo atsekedwe ndi matabwa kapena malata m'malo mwa njerwa. Ana a sukulu auzidwe kubisala kunsi kwa desiki ataphimba mutu, ndipo akatuluka asaime pafupi ndi khoma. Ife usiku uja tinaunjikana m'mbali mwa khoma la khitchini, lomwe m'mawa tinalipeza litang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mmisiri wa zomangamanga,
Salima